Funsani Ankolo: Masiku atatu okha ku Berlin, ndiyambire pati?

FUNSO

Ankolo, ine ndine mphunzitsi pa sekondale ina kuno ku Nkhotakota. Mwayi wandigwera, ndikupita ku maphunziro a masabata awiri ku Germany kumapeto kwa Novembala, za viza ndi tikiti atikonzera kale otiitanawo. Nde maphunziro akatha Lachisanu nditsala ndi Loweruka, Lamulungu ndi Lolemba mu mzinda wa Berlin, ndege yobwerera ndi ya Lachiwiri. Chibadwire kunja ndinangofika ku Chipata basi. Ndalemba malo 18 papepala oti ndikaone, kuphatikizapo bwalo la Bayern Munich poti ndine sapota wa magazi, komanso anzanga ku sitafu akuti ndisabwere osajambulitsa pa Eiffel Tower poti viza yake akuti ndi imodzi. Zam'thumba ndi zochepa. Safunsa anadya phula, ndithandizeni.

Mphunzitsi, Nkhotakota boma

YANKHO

Aphunzitsi, tengani cholembera chofiira chomwe mumachongera mayeso chija mukhwatche Paris, komwe kuli Eiffel Tower, ndi Munich pompano. Anzanuwo sananame, viza ya Schengen, yomwe imagwira ntchito m'mayiko ambiri a ku Ulaya, imakulowetsani ku France, koma Paris ili makilomita oposa 1,000 kuchoka ku Berlin ndipo sitima imadya maola pafupifupi 8 kupita kokha. Munich nayo ndi maola anayi pa sitima yothamanga kwambiri ija ya ICE, ndipo tikiti yogula tsiku lomwelo imaluma zedi. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Mukabwera ndi zithunzi za mipando ya m'sitima basi. Pa malo 18 mwalembawo siyani asanu kapena asanu ndi limodzi oyandikana, muwayende wapansi, modekha.

Chifukwa china ndi dzuwa. Kumapeto kwa Novembala kumacha cha m'ma 8 koloko, pofika 4 koloko masana mdima wagwa kale, nde tsiku lanu loona zinthu panja ndi lalifupi kwabasi. Kuzizira nako sikwamasewera, madigiri amatsika kufika pa 5 kapena pansi pake, nthawi zina ka mvula kowaza tsiku lonse. Inu a kunyanja amene mwera ukangowomba mu Julaye mumavala majuzi awiri, pitani pa kaunjika musanyamuke mukasake jekete yochindikala, chipewa chophimba makutu, magolovesi ndi masokosi aubweya. Nsapato zikhale zotseka komanso zoti mwaziyendera kale, osati zatsopano zogulira ulendo, zikakusupulani tsiku loyamba lomwe.

Tsopano za mayendedwe, apa mvetserani bwino chifukwa alendo ambiri amalira pomwepa. Berlin ili ndi sitima zapansi zotchedwa U-Bahn, sitima zapamtunda S-Bahn, mabasi ndi mathiramu, ndipo tikiti imodzi imagwira ntchito monsemo. Gulani ya maola 24 ya zigawo AB, zomwe ndi mzinda onse wa Berlin, pa makina a pa siteshoni, makinawo ali ndi batani losinthira ku Chizungu. Vuto lake ndi ili, palibe geti, palibe kondakitala, palibe munthu okufunsani kanthu polowa, nde munthu umaona ngati ndi za ulere kapena kuti kugula kokhako kwakwana. Ayi. Pa pulatifomu pali kabokosi kakang'ono pa chitsulo, kachikasu kapena kofiira, kali ndi kakamwa kopyapyala, mumalowetsamo tikiti mbali yomwe kwaloza muvi nkumva kuti khatcha, katuluka kadinda tsiku, nthawi ndi siteshoni. Dindani kamodzi kokha poyamba ulendo woyamba. Tikiti yosadinda ndi chimodzimodzi kukhala opanda tikiti. Oyendera matikiti nthawi zambiri savala yunifomu, amakwera ngati anthu wamba, zitseko zikangotsekeka ndi pomwe amatulutsa ziphaso zawo, ndipo chindapusa ndi 60 yuro. Zoti bwana ndine mlendo sindimadziwa samva, ndipo musayerekeze kutulutsa ya fanta, mungawonjezere mlandu. Tsiku lopita ku bwalo la ndege la BER mugule ya ABC poti bwalolo lili m'chigawo C.

Mabasi okongola a alendo aja oyendetsa anthu mumzinda ndi ndalama zambiri asiyeni. Basi wamba nambala 100 imachoka pa Zoologischer Garten kukafika pa Alexanderplatz, imadutsa pa chipilala cha Siegessäule, pa Schloss Bellevue nyumba ya boma ya pulezidenti wawo, pa nyumba ya malamulo ndi mu msewu wa Unter den Linden, zonsezo pa tikiti yanu yomwe ija. Mukapeza yosanjikizana kwerani pamwamba mukhale kutsogolo.

Loweruka yambirani pa nyumba ya malamulo, Reichstag. Pamwamba pake pali denga lagalasi lozungulira lomwe anamaliza mu 1999, mumakwera mozungulira mkati mwake mzinda onse uli poyera, ndipo mukasuzumira pansi mumaona mipando ya aphungu. Kulowa ndi ulere koma mumayenera kulembetsa pa intaneti pa tsamba la Bundestag, lomwe ndi dzina la palamenti yawo, masiku kapena masabata angapo zisanachitike, dzina ndi tsiku lobadwa ngati zilili mu pasipoti, ndipo pasipotiyo mutenge tsikulo. Chitani zimenezi mukadali ku Nkhotakota konko, ndipo sankhani m'mawa. Mukatsika, mphindi zisanu wapansi mwafika pa Brandenburger Tor, chipata chomwe chinamalizidwa mu 1791, chithunzi cha anzanu a ku sitafu chija mujambulitse pamenepo. Muyang'anenso pansi mumsewu kuseri kwa chipatacho, muona mizere iwiri ya timiyala yoyalidwa mu tara ikungopita osaduka. Ndi momwe munkadutsa khoma la Berlin, lomwe linagawa mzindawu pawiri, kuvuma ndi kuzambwe.

Kutsika pang'ono kummwera kuli chikumbutso cha Ayuda omwe anaphedwa ndi boma la Hitler, zipilala za simenti 2,711 zopanda dzina lililonse, anatsegula mu 2005. M'mphepete zimayamba zazifupi zofika m'mawondo, mukamalowa mkati nthaka imatsika zipilala zikutalika mpakana kukupitirirani, phokoso la magalimoto nkumachepa. Pamenepa si pojambulitsa mutakwera pamwamba kapena mukuseka, ena amachita koma eni dziko zimawanyansa.

Malo omwe ndikufuna musaphonye ali pafupi pomwepo, ndipo ndikudziwa kuti papepala lanu palibe chifukwa mabuku a alendo sawalabadira. Msewu wa Wilhelmstraße. Pa nambala 77 yakale panali nyumba ya Otto von Bismarck, mtsogoleri wa boma la Germany nthawiyo, momwe nthumwi za mayiko 14 zinakhala kuyambira pa 15 Novembala 1884 mpaka pa 26 Febuluwale 1885 kugwirizana malamulo a momwe azilandira Africa osamenyana okhaokha. Munalibe munthu wa mu Africa olo mmodzi m'chipindamo. Inu ndi mphunzitsi, kaya mumaphunzitsa mbiri kaya masamu, nkhaniyi ana amailoweza chaka ndi chaka pokonzekera mayeso. Nyumbayo kulibe, inawonongeka pa nkhondo yachiwiri nkugwetsedwa, pano pali mafulati wamba okhalamo anthu, ndipo pafupi ndi nambala 92 pangoima chikwangwani chimodzi chokhala ndi mapu a Africa ndi mawu ofotokoza. Anthu amangodutsa ndi matumba awo a ku shopu. Mutha kupitirira osachiona nde yendani maso ali tcheru.

Ena amaganiza kuti malire onse anajambulidwa pa msonkhano umenewo ndi rula, sizinali choncho kwenikweni, pamenepo anangoika malamulo ampikisano, malirewo anabwera ndi mapangano ena pambuyo pake. Ndipo limodzi mwa mapanganowo likukhudza madzi omwe mumawaona m'mawa uliwonse. Pa 1 Julaye 1890, mu Berlin momwemo, Britain ndi Germany anasainirana pangano la Heligoland, Angelezi anapereka kachilumba ka Heligoland ka m'nyanja ya North Sea, Ajeremani nkuvomera kuti Zanzibar ikhale m'manja mwa Angelezi, ndipo pogawana kuno analemba kuti malire a dziko la Ajeremani, lomwe pano ndi Tanzania, atsate gombe la kuvuma la nyanja yathu kenako mtsinje wa Songwe. Mkangano wa nyanja ukabuka ndi anzathu a ku Tanzania, boma lathu limaloza pangano lomwelo. Chaka cha 1889 Harry Johnston anali atasainirana kale ndi Jumbe kwanu ku Nkhotakota konko, 1891 dziko nkukhala pansi pa Angelezi. Ndiponso nkhondo yoyamba ya padziko lonse itangoyamba mu Ogasiti 1914, sitima ya Angelezi Guendolen inakaombera sitima ya Ajeremani Hermann von Wissmann ku Sphinxhaven, komwe pano kumatchedwa Liuli, tsidya la nyanja yomweyi. Ine ndimati Mmalawi ofika ku Berlin nkukwera nsanja ya TV koma osaima mphindi khumi pa Wilhelmstraße wataya tikiti. Jambulani chikwangwanicho mukaonetse ana a fomu 3.

Msewu omwewo ukakufikitsani pa Topographie des Terrors, pomwe panali likulu la Gestapo ndi SS, apolisi achinsinsi ndi gulu la nkhanza la Hitler, kulowa ulere, mkati mofunda, zolembedwa zili m'Chijeremani ndi m'Chizungu, panja patsala chidutswa cha khoma. Checkpoint Charlie, pomwe panali chipata chowolokera khoma lija, ili kutsogolo pang'ono koma ine sindiyiwerengera, kanyumba ka asilikali kali pakati pa msewuko ndi kongopanga pambuyo pake, kuzungulira ndi mashopu a zikumbutso okhaokha. Dutsani, jambulani kamodzi, pitirirani. Mdima ukagwa ngati misika ya Khrisimasi yayamba, poti yambiri imatsegula sabata yomaliza ya Novembala, lowani umodzi mukaothe. Chakumwa chotentha chija cha Glühwein ndi vinyo, osamwa mowa afunse Kinderpunsch, ndipo kapu imakhala ndi dipoziti yomwe amabweza mukabweza kapuyo.

Lamulungu mashopu amatseka. Osati ena, pafupifupi onse, ndi lamulo, ngakhale masupamaketi akuluakulu, kupatula a m'masiteshoni akulu ngati Hauptbahnhof komwe mzere wake umakhala otopetsa. Buledi ndi zina zodya Lamulungu mugule Loweruka. Tsikuli m'mawa pitani ku Bernauer Straße, mutsikire pa Nordbahnhof. Ngati mukufuna kumvetsa khoma la Berlin malo ake ndi amenewa, ulerenso. Khomalo linayamba usiku wa pa 13 Ogasiti 1961 nkutseguka pa 9 Novembala 1989, linazungulira West Berlin makilomita pafupifupi 155, ndipo anthu osachepera 140 anafera pamenepo. Mu msewu umenewu nyumba zinali mbali ya kuvuma koma poyenda anthu panja pa khomo panali mbali ya kuzambwe, nde masiku oyambawo anthu amadumpha m'mawindo a nyumba zosanja kugwera m'masaka a ozimitsa moto, ena anafa, boma nkutseka mawindowo ndi njerwa. Mu 1964 anthu 57 anathawa kudzera mu ngalande yokumba pansi pa msewu omwewu. Panalinso tchalitchi chomwe chinatsala pakati pa makoma awiri, akhristu ake osatha kulowamo, mpakana anachiphulitsa mu 1985. Tsidya la msewu kuli nsanja yokwera ulere, mukaima pamwamba mumaona bwinobwino kuti silinali khoma limodzi koma awiri, pakati mchenga, magetsi ndi nsanja ya alonda. East Side Gallery, chidutswa chotalika makilomita 1.3 chomwe anachijambula zithunzi mu 1990 m'mbali mwa mtsinje wa Spree, ndi chokongola pa foni koma sichiphunzitsa ngati Bernauer. Nthawi ikachepa sankhani Bernauer.

Kumapeto kwa msewuwo kuli Mauerpark komwe Lamulungu lililonse kumakhala msika wa zinthu zakale ndi zovala, kumeneko kunenerera kumaloledwa ndithu. Masana kukazizira lowani miyuziyamu imodzi pa Museumsinsel, ilipo isanu, imodzi yokha basi. Pergamon anatseka mu 2023 akukonza nde musavutike. Neues Museum ndi momwe muli mutu wa mfumukazi Nefertiti wa ku Egypt, wa zaka zoposa 3,000, omwe Aigupto akhala akuufuna kuti ubwerere kwawo. Tsidya lake kuli Humboldt Forum komwe kuli katundu wambiri wa mu Africa otengedwa nthawi ya atsamunda, mu 2022 Germany inavomera kuti ziboliboli za mkuwa za ufumu wakale wa Benin mwini wake ndi dziko la Nigeria. Mukalowamo mtima umawawa pang'ono, ndikuuzirenitu.

Lolemba zimatembenuka, mashopu atsegula koma mamiyuziyamu ambiri atseka. Nde ndi tsiku la mpira ndi kugula mphatso. Kwerani U2 kapena S-Bahn kupita ku Olympiastadion, bwalo lomwe linamangidwira masewero a Olimpiki a 1936 pomwe Jesse Owens, munthu wakuda wa ku America, anatenga mamendulo anayi agolide boma la Hitler likuona. Fainolo ya World Cup ya 2006 yomwe Zidane anagunda Materazzi ndi mutu pachifuwa inali pomwepo, ya Euro 2024 Spain itachinya England 2-1 pomweponso. Masiku opanda masewero amalowetsa alendo polipira pang'ono. Si Bayern koma simukadandaula. Mphamvu zikatsala pitani ku Wedding, dera lomwe misewu yake ili ndi mayina ngati Togostraße, Kameruner Straße ndi Sansibarstraße, ndipo ina yomwe inali ndi mayina a atsamunda ayisintha posachedwapa, mu 2024 gawo la Petersallee linakhala Maji-Maji-Allee pokumbukira nkhondo ya anthu a kummwera kwa Tanzania yolimbana ndi Ajeremani ya 1905 mpaka 1907.

Tina ting'onoting'ono. Magalimoto amayenda kumanja nde powoloka muyambe kuyang'ana kumanzere, ndipo kamunthu ka pa roboti kakakhala kofiira imani olo msewu uli mbee. Kanjira kofiirira m'mbali mwa poyenda anthu ndi ka njinga, mukaimamo akulizirani belu ndi kukulalatirani. Masoketi awo ndi a mabowo awiri ozungulira, chaja yanu ya mano atatu siilowa, gulani adaputa. Madzi a pa mpopi ndi abwino kumwa, tenganiko botolo. Mabotolo a pulasitiki ndi zitini zambiri zili ndi dipoziti ya 25 senti, mumabweza pa makina a mu supamaketi nkulandira kalisiti kochotsera pa zogula. Zimbudzi za m'masiteshoni ndi zolipira, sungani makobili. Khadi yanu ya banki ya kuno musayidalire yokha, ndi mavuto a ndalama zakunjawa itha kukana pa kauntala, komanso timashopu ndi tima lesitilanti tina timafuna kashi. Pa Alexanderplatz ndi m'sitima zodzaza kuli opisa m'thumba, ndipo wina akabwera ndi pepala loti musaine kapena akakuitanirani juga ya tibokosi titatu, musaime. Zikavuta nambala ya apolisi ndi 110, ambulansi 112, ndipo ofesi ya kazembe wa Malawi ili mu Berlin momwemo, lembani nambala yake papepala osati mu foni mokha.

FUNSO

Asalaam aleikum Ankolo. Mwana wanga wamkazi akumaliza sukulu ku Berlin nde wandiitana kwa sabata imodzi, akuti masiku awiri tikazungulire mzinda. Nkhawa yanga ndi chakudya poti ndamva kuti kumeneko ndi nkhumba paliponse. Nanga swala ya Lachisanu ndikaswalira kuti? Komanso mwanayo akulira usipa, mpunga wa kilombero, chambiko ndi mango, kodi amalola?

Mayi wa ku Senga Bay, Salima

YANKHO

Waleikum salaam mayi, ndipo mafuno abwino kwa mwanayo. Za nkhumba mwamva zoona, soseji zawo zambiri ndi za nkhumba kuphatikiza Currywurst yotchuka ija yomwe aliyense angakuuzeni kuti mulawe. Mukaona mawu oti Schwein pa paketi kapena pa menyu, siyani. Koma mtima pansi, Berlin ili ndi Asilamu ochuluka kwambiri, ambiri makolo awo anachokera ku Turkey kudzagwira ntchito m'ma 1960, ena ku Lebanon ndi Syria, nde chakudya cha halaal sichisowa. Döner, nyama ya ng'ombe kapena nkhuku yowotcha yoika mu buledi ndi masamba, imapezeka pafupifupi msewu uliwonse ndipo ndi yotchipa komanso yokhutitsa, mungofunsa kaye ngati ili halaal, ambiri amalemba pa windo. Ku Kreuzberg ndi ku Neukölln, makamaka msewu wa Sonnenallee, mabutchala ndi malesitilanti ambiri ndi a Asilamu.

Mzikiti ouona ndi maso ndi Şehitlik pa Columbiadamm, uli ndi nsanja ziwiri zazitali ndi manda akale a Asilamu pabwalo pake, malo a amayi alipo. Kuseri kwake ndi Tempelhofer Feld, bwalo la ndege lomwe linatsekedwa mu 2008 pano anthu amangoyenda ndi kupalasa njinga pomwe pankatera ndege, kulowa ulere, nde mukatha swala mwapezeratu koyenda. Nthawi za swala kumeneko zimasuntha kwambiri ndi nyengo, mu Juni dzuwa limalowa itadutsa 9 koloko usiku pomwe mu Disembala 4 koloko isanakwane, mwanayo akuikireni ndandanda wa komweko mu foni.

Za katundu, chambiko ayi. Mkaka ndi nyama zamtundu uliwonse, olo yofutsa, ndi zoletsedwa kulowa nazo mayiko a European Union, akazipeza amalanda ndipo atha kukulipiritsani. Mango nawonso ayi, zipatso zambiri zaziwisi zimafuna chikalata cha a zaulimi, idyani nokha musananyamuke. Usipa ndi utaka ouma amalola mpakana makilogalamu 20, mpunga ndi ufa woyera ndi bwinobwino. Koma usipawo umitsani kwambiri, mumange m'mapulasitiki awiri kapena atatu kenako m'chigubu chotseka bwino, apo ayi chitenje chomwe mwasokera mwambowo chikafika chikununkha gombe la Nguwo.

FUNSO

Ankolo, mchimwene wanga wanditumizira kalata yondiitana ku Germany, viza ndiyambe liti ndipo imafuna chani?

Mnyamata wa ku Chipoka

YANKHO

Yamba lero mphwanga. Amalandira mafomu kuyambira miyezi 6 ulendo usanafike ndipo kupeza tsiku lokaonekera kumatenga nthawi, nde usadikire mwezi omaliza. Malipiro a viza ya Schengen ndi 90 yuro kwa wamkulu kuyambira mu Juni 2024, ndipo akakukana sabweza. Pasipoti ikhale ndi masamba awiri opanda chidindo komanso isathe pasanapite miyezi itatu kuchokera tsiku lotuluka kumeneko. Pamafunika inshuwalansi ya zaumoyo yofika 30,000 yuro, umboni wa kokagona, ndi umboni wa ndalama, kaya sitetimenti yako ya ku banki kaya chikalata chomwe mchimweneyo akasainire ku ofesi ya boma kumeneko cholonjeza kuti akusamala, amachitcha Verpflichtungserklärung. Chomwe amayang'anitsitsa kwambiri ndi chakuti ubwerera, nde kalata ya kuntchito, ya sukulu kapena mapepala a bizinesi yako zikhalepo. Ndalama zobwereka zongoponya mu akaunti sabata imodzi usanapite amazizindikira. Kokapereka mafomu uone pa tsamba la kazembe wa Germany ku Lilongwe, osati kwa madobadoba olonjeza viza pa WhatsApp. Ndege yolunjika kulibe, uchokera pa Kamuzu International Airport nkusintha ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg, ndipo tikitiyo usalipire yonse viza isanatuluke.